Tsiku Limene Ndinasambitsa Mfuti ya a Harold

Nkhani iyi kutchalitchi kwathu ku Silver Spring, kufupi ndi Washington, ikudziwika kale, koma ikudziwika molakwika. Ena akuti ndinaboola denga la nyumba ya mzungu ndi chipolopolo. Ena akuti kunabwera magalimoto atatu a polisi. Palibe chimene chinawombedwa, ndipo wapolisi yekhayo amene analipo anali mwini mfutiyo, wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi. Zimene zinachitikadi n'zochititsa manyazi kuposa pamenepo, ndiye bola muzimve kwa mwiniwakene.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Chaka chimenecho kampani yathu inanditumiza ku Annandale, m'chigawo cha Virginia, kwa a Harold, bambo amene anagwira ntchito yaupolisi ku Washington zaka makumi atatu asanapume. Mutu wawo unkagwira bwinobwino, nthabwala sizinkatha pakamwa, koma manja ndi amene anawagalukira. Ankanjenjemera moti tiyi ndinkawathirira theka la kapu basi. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana wawo wamkazi, a Linda, ankabwera kawiri pa sabata kudzawaona ndi kuwagulira zofunika m'nyumba.

Tsiku loyamba, ndikuwavula juzi kuti akasambe, ndinaona chinthu chakuda m'chiuno mwawo, chili m'chimake chachikopa. Ndinakuwa kuti "Mayo ine!" n'kubwerera chafutambuyo mpaka kukagunda chitseko. (Kwathu ku Dedza mfuti ndinkangoiona paphewa la wapolisi wa pa rodibuloko, ndipo ngakhale pamenepo ndinkayang'ana kumbali.) A Linda ndi amene anandikhazika mtima pansi. Anati mulibe kanthu, zipolopolo anazichotsa zonse zaka zapitazo ndipo anakazitsekera kunyumba kwawo.

"Bambo amangoivala basi," anatero. "Akapanda kuivala amati akuyenda mopendekeka."

Lamulo la kampani yathu linali losachita kufunsa: mankhwala mupereke, munthu mumusambitse, koma mfuti musakhudze. Kwa chaka chathunthu ndinalisunga lamulolo mosavutika. Ankaichotsa okha, ankaivala okha, ine ndikuyang'ana kudenga.

Koma pali chinthu chimodzi chimene muyenera kudziwa musanandiweruze. A Harold zinthu zawo ankazitchula ngati anthu. Mano awo oikirira akada, ankati, "Anyamatawa akufuna kusamba." Ine n'kuwaviika m'kapu. Magalasi akachita chifunga, "Awanso akufuna kusamba." Ine n'kuwatsuka ndi sopo. Ndodo yoyendera, kusamba. Masilipasi, kusamba. Chaka chonse mawu amenewo ankatanthauza madzi ndi sopo, ndipo palibe tsiku limene ndinalakwitsa.

Ndiye linafika Lachisanu lina la mu Ogasiti, kukutentha kwa kuno kuja koti munthu umachita thukuta utangotuluka m'bafa. A Harold ankapita kuchipatala kuti akawapime mtima, akagone komweko mpaka Lolemba. Kuchipatala mfuti salola, choncho anaichotsa m'chimake, n'kuiika pa tebulo la m'khitchini, n'kuisisita ndi chala.

"Uyunso akufunika kusamba," anatero. "Miyezi itatu yotenthayi wakhala akumwa thukuta langa."

Anawonjezera mawu ena, koma panja a Linda anali akuimba hutala, ine ndikulimbana ndi zipi wa chikwama chawo amene anakana kutseka. Chimene chinalowa m'khutu mwanga ndi mawu amodzi okha: Lolemba. Ndinayankha kuti "Chabwino, abwana," monga ndimayankhira nthawi zonse ndikapanda kumva bwino Chingerezi cha okalamba. Galimoto inanyamuka. M'khitchini tinatsala awiri, ine ndi mfuti.

Tebulolo ndinalizungulira mwina kanayi. Mbali ina ya mutu inkati lamulo ndi lamulo. Mbali ina inkati munthu wamkulu akupita kukapimidwa mtima, ndani akudziwa ngati abwerako, ndipo wakupempha chinthu chimodzi chokha kuti chichitike pofika Lolemba, iwe ukane? Amayi anga akanamva zimenezo akanati ndinaleredwa ndi ndani. Mbali yachiwiriyi ndi imene inapambana.

Ndinavala magolovesi awiriawiri. Ndinainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Ndinailozetsa ku filiji, kenako ndinakumbukira kuti filiji ndi yodula. Ndinailozetsa kuwindo, koma kunja kunali galimoto ya aneba. Mapeto ake ndinailozetsa pansi, n'kutalikitsa mapazi anga. Inali yachikale ija yokhala ndi kagudumu pakati, ka mabowo asanu ndi limodzi olowetsamo zipolopolo, ndipo eniake anaisiya kagudumuko katatsegulidwira pambali. Mabowowo ndinawawerenga katatu. Onse anali opanda kanthu, ndinkaona matailosi kudzera m'menemo.

Ndinathira madzi otentha m'beseni, n'kuikamo sopo wotsukira mbale, n'kuiviika. Ndinaisiya kuti ifewe, ine n'kupita kukasintha zofunda. Nditabwerako ndinaikwecha ndi mswachi wakale, m'mabowo monse, m'makona monse, ngakhale chogwirira chake chamtengo chija. Abale, madzi anada bii. Ndinapukusa mutu n'kunena ndekha kuti amuna ngakhale azungu ndi chimodzimodzi, chinthu kuyenda nacho zaka zonsezi osachitsuka. Mantha aja anali atatha, ndikumva ngati ndagwira ntchito ya Mulungu. Ndinaitsukuluza, n'kuipukuta kunja ndi thawulo, n'kuiyanika kanthawi pa choyanikira mbale, pakati pa kapu ndi chiwaya. Nthawi yoweruka itakwana ndinaibwezera m'chimake muja, n'kuitsekera m'dirowa. Mumsewu wa Beltway munali mutadzaza magalimoto, koma ine ndinkangoimba nyimbo za kwaya.

Lolemba ndinalawirira kuti ndikonze m'nyumba, chifukwa a Linda anati afika ndi bambo awo cha m'ma thwelofu. Ndinatsegula dirowa kuti ndikaiike mfutiyo pa tebulo, a Harold akangolowa aione ikuwala. Poyamba inakana kutuluka m'chimake. Nditaikoka mwamphamvu, ndinaona zimene sindinazimvetse. Thupi lonse linali mawangamawanga ofiira, ngati mwana wodwala chikuku. Chogwirira chamtengo chija chinali chitatuwa ndiponso chitatupa. Kagudumu kaja kankazungulira molira.

Dzimbiri. Masiku atatu okha! Khasu la amayi limagona pamvula dzinja lonse osafika pamenepa. Chinthu chimene dziko lonse limachiopa chingagonje bwanji ndi madzi a beseni limodzi?

Ndinaimbira foni mayi Tembo. Awa ndi mnzanga wa kutchalitchi, kwawo ndi ku Lusaka, ndipo ntchito yosamalira okalambayi aigwira zaka zambiri moti palibe banga limene sadziwa mankhwala ake. Koma mawu oti mfuti anandikanika kutuluka pakamwa.

"Mayi Tembo, chitsulo cha abwana chachita dzimbiri."

"Chisulo cha bwanji? Ni mpoto?"

"Chokhala ngati poto. Chili ndi chogwirira."

"Ah iwe, ni vamene ivo ulilila? Ika mu viniga, ulindile pang'ono, manje ukweche na sitiliwulu. Chizankala monga cha nyuwani."

Viniga analipo, botolo lalikulu. Ndinathira m'mbale yagalasi yophikira mu uvuni, n'kuigoneka mfutiyo momwemo. Patatha theka la ola ndinaivuula, ndipo mayi Tembo sananame, dzimbiri linali litachoka. Koma silinachoke lokha. Kuda kwa mfuti kuja nakonso kunkachoka, kukutsala chitsulo chotuwa. Ine ndinkaganiza kuti mfuti imabadwa yakuda mpaka m'kati, ngati makala. Sindinkadziwa kuti kudako ndi chovala chabe, chimene amachiika dala kuti chitsulo chisachite dzimbiri.

Apa munthu wanzeru akanaleka. Ine ndinaganiza kuti popeza mtundu wayamba kale kusintha, bola yonse ikhale mtundu umodzi. Ndinatenga sitiliwulu n'kuyamba kukwecha ngati poto wa pa ukwati. Mbali imodzi inayera ngati supuni. Mbali inayo inakana, inangokhala yamawanga ngati ng'ombe. Nditakweza maso, wotchi inali ikuthamangira ku leveni.

Ndinaimbanso.

"Mayi Tembo, chakuda chija chachoka chonse."

"Manje vuto ni chani? Mpoto wakuda wayera, iwe udandaula?"

"Si poto."

"Nanga ni chani?"

"Ndi mfuti."

Pafonipo ndinkamva wailesi yakanema ya gogo amene amawasamalira ikulankhula chapatali.

"Ati chani?"

"Mfuti ya abwana. Ndinaisambitsa."

"Iwe mwana, ine sininamve kanthu. Siunanitumile foni. Sinikuziba." Anadula.

Ndinakhala pa mpando, manja ali m'masaya. Patapita mphindi ziwiri foni inalira. Anali iwo omwewo, akunong'ona.

"Polishi ya nsapato." Anadulanso.

(Mayi Tembo omwe sankandidziwawa ndi amene Lamlungu lotsatira anaimirira mu tchalitchi n'kupempha mpingo kuti upempherere mlongo wina amene ali pa mlandu wa mfuti ku Virginia. Dzina sanatchule, koma wogwira ntchito ku Virginia mumpingo monse ndine ndekha.)

Polishi wakuda ndinamupeza m'kabokosi ka nsapato za a Harold. Ndinapaka kamodzi, ndinadikira, ndinapakanso, n'kupukuta ndi kansalu mpaka kuwala. Chogwirira ndinachipaka wa bulauni. Kagudumu kolira kaja ndinakathira mafuta ophikira. Ndinaiika pa tebulo n'kukaima pakhomo la khitchini kuti ndiione ngati mlendo. Kunena zoona, ukaima pakhomo inkaoneka bwino. Ukasendera masitepe awiri inkayamba kukayikitsa. Fungo ndiye linali losabisika, viniga, polishi ndi mafuta, ngati munthu akukazinga tchipisi mu shopu ya nsapato. Ndinatsegula mawindo onse, ndinataya sitiliwulu m'bini, n'kuibwezera mfutiyo m'chimake.

Anafika thwelofu itangodutsa. A Harold analowa pang'onopang'ono, atavala shati yoyera, pamkono pakadali kalamba ka kuchipatala. Madokotala anati mtima uli bwino. Ndinathokoza Mulungu mokweza, koma m'kati ndinkadzifunsa ngati ukhalebe bwino pofika wani koloko.

Atangokhala pa mpando wawo, anagwira m'chiuno.

"Ndipatseni mnzanga uja. Masiku atatu ndakhala ngati ndili maliseche."

"Abwana, bwanji muyambe mwamwa tiyi?"

"Ndamwa."

"Kapena mugoneko pang'ono? Mwatopa."

"Ndagona masiku atatu. Tengani chimake chonsecho, mfutiyo simuikhudza."

Ndinabweretsa ndi manja awiri ngati chopereka. Anaisolola. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaiyandikitsa pamphuno. Kenako anatambasula dzanja lawo, ndipo chikhatho chonse chinali chakuda. Anayang'ana pa shati pomwe mfutiyo inakhudza, panali mzere wakuda. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana kalendala.

Kukhitchini a Linda anafuula, "Bwanji muno mukununkha viniga chonchi?"

"Linda," anatero a Harold, maso akadali pa ine, "pita ukanditengere mankhwala atsopano aja ku famase."

"Ndikatenga madzulo, bambo."

"Panopa."

Chitseko chitatsekeka, mawu awo anasintha. Sanali a gogo amene ndinkawadulira zikhadabo, anali a wapolisi.

"Yambani pachiyambi. Musadumphe kanthu."

Ine ndinali nditagwada kale pa kapeti, osadziwa kuti ndagwada nthawi yanji. Anandiuza kuti ndidzuke chifukwa mawondo awo akupweteka pongondiona. Ndinakhala m'mphepete mwa sofa.

"Munati ikufuna kusamba, abwana. Ndiye ndinaisambitsa."

"Ndi chiyani?"

"Madzi."

"Ozizira?"

"Otentha. Ndi sopo wa mbale, wa fungo la ndimu uja."

Anatsinzina. "Pitirizani."

Ndinafotokoza za dzimbiri. Anagwedeza mutu ngati amayembekezera. Nditatchula viniga anagwira pamphumi. Nditatchula sitiliwulu anatulutsa kamawu kakang'ono ngati wapondedwa chala. Polishi sanafunse, anangondionetsa chikhatho.

"Nanga chikununkha ngati nkhuku yokazingachi n'chiyani?"

"Mafuta ophikira. Kagudumuko kankalira."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka, nkhope inafiira, mpweya ukutuluka modukizaduka. Ndinati basi, mtima uja wapita, ndapha munthu ndi mfuti yopanda chipolopolo. Ndinali nditagwira kale foni kuti ndiitane ambulansi pamene ndinazindikira kuti akuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, ine ndikuwasisita pamsana.

"Zaka makumi atatu," anatero akupuma movutika, "zigawenga zonse za mu Washington zinalephera kuichita kanthu mfuti imeneyi. Inu masiku atatu okha."

Ndinafuna kuseka nawo, koma kuseka kwawo kunatha mwadzidzidzi. Anayamba kusisita chogwirira chotupa chija ndi chala chachikulu, ndipo misozi imene inali m'maso sinalinso ya kuseka. Anandiuza kuti chogwiriracho anawagulira ndi akazi awo, chaka chimene anakwezedwa pantchito. Anati pa zaka zonse zija sanawomberepo munthu ngakhale mmodzi, ankangowombera mapepala kumalo ophunzitsira. Mfuti yoyenda nayo tsiku ndi tsiku, anatero, sifa ndi kuwombera. Imafa ndi thukuta, fumbi ndi tiulusi ta malaya timene timalowa m'makona mwake. N'chifukwa chake Lamlungu lililonse ankaipukuta, akazi awo akusita yunifolomu pambali. Koma kwa zaka ziwiri manja anali atakana. Kabotolo ka mafuta kankawagwa. Kuuza a Linda ankaopa, chifukwa akanangoti mwaona, perekani chinthuchi. Ndiye anakhala miyezi akulimba mtima kuti apemphe ine.

"Ndinati tidzaipukuta Lolemba. Ine ndizinena, inu muzikhala manja anga. Simunamve?"

"Ndinamva Lolemba lokha, abwana."

"Nanga osafunsa bwanji?"

Ndinayang'ananso kalendala.

Anandituma kukatenga kabokosi kachitsulo pansi pa wadiropu yawo, komwe ndinkakasuntha sabata iliyonse posesa osadziwa kuti muli chiyani. Munali timabotolo tiwiri, tinsalu todulidwa bwino, ndi kamswachi kozungulira ka pa kamtengo kachitsulo. Tinayala nyuzipepala pa tebulo. Anayamba ndi kuonanso okha kuti mabowo onse alibe kanthu, ngakhale ankadziwa, n'kundiuza kuti chimenecho ndiye choyamba nthawi zonse. Kenako tinayamba kuchotsa polishi wanga.

Apa ndi pomwe mutu wanga unazungulira kwenikweni. Madzi, amene amatsuka chilichonse padziko lapansi, pano ndi mdani. Mafuta, amene kwathu timawatsuka kuti achoke, pano ndi otsukira. Nditamva choncho ndinathira ambiri kuti iyere msanga, ndipo anandigwira dzanja.

"Dontho limodzi! Akachuluka amakoka fumbi."

"Ndiye mafuta amayeretsa kapena amadetsa?"

"Zonse ziwiri."

Ndinapukuta kwa kanthawi, kenako ndinalephera kupirira.

"Abwana, pepani. Mfutiyi ilibe zipolopolo, siwombera, ndipo sidzawomberanso. Timaipukutiranji?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nanga inu mumandisambitsiranji m'mawa uliwonse? Nanenso sindiwombera."

A Linda anatipeza pomwepo, ine mfuti ili m'manja, polishi atachoka, mawanga onse ali poyera. Anaima pakhomo ndi kathumba ka mankhwala. Ndinaona ntchito yanga ikutuluka pawindo.

"Ndachita ndine," anatero a Harold msangamsanga. "Ndinaisunga ponyowa."

A Linda anaika kathumba kaja pa tebulo. Anayang'ana botolo la viniga lopanda kanthu pa sinki. Anatsegula bini, n'kuyang'anamo, n'kutseka. Anangonena kuti mfutiyo ikufunika mmisiri wake, ndipo anaikulunga m'thawulo kuti akaipereke okha. A Harold anaiperekeza ndi maso mpaka pakhomo.

Nditaweruka madzulo, a Linda ananditsatira mpaka pagalimoto yanga. Ndinali nditakonza kale mawu otsanzikira. Koma iwo anagwira manja anga onse awiri, n'kuyang'ana kunyumba kuti aone ngati bambo awo ali pawindo.

"Zikomo," ananong'ona. "Zaka zisanu ndakhala ndikuyesa kuchotsa chinthu chija m'chiuno mwa bambo. Ndinawanyengerera, ndinakalipa, ndinabweretsa abusa. Nzeru ya viniga sindinaiganizepo. Kukampani kwanu sindinena kanthu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti sindinachite dala, koma anandifinya dzanja.

"M'chipinda chapamwamba muli mfuti zina ziwiri. Musafulumire."

Chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Mulungu akudalitseni."

Mfutiyo inakhala kwa mmisiri masabata asanu. Inabwerako yakuda ngati kale, chogwirira cha malemu chija atachikonza n'kuchibwezera, ndipo a Harold anaivala tsiku lomwelo. Lachisanu lililonse timayala nyuzipepala, iwo amanena, ine ndimakhala manja awo. Kukampani sakudziwa, ndipo inunso musakanene.

Phunziro lake ndikulidziwa, ndi lofunsa ukapanda kumva. A Harold tsopano akanena chinthu ndimawabwerezetsa kawiri. Koma a Linda sindinawafotokozerebe zoona zake, ndipo tsiku lililonse likamadutsa zikuvutiravutira. M'nyumba imodzi, pa chinthu chimodzi, wina anandikhululukira, wina anandithokoza, moti sindidziwa ngati ndinalakwa kapena ndinathandiza. A Linda akabwera ndi zogula amandiyang'ana mwachinsinsi n'kuika botolo latsopano la viniga m'kabati. Dzulo a Harold anatsegula kabatiyo, anawerenga mabotolo asanu ndi awiri, n'kundifunsa kuti kodi mwana wawoyu wayamba bizinesi yanji. Ndinati sindinamve bwino funsolo.